Mliri udafika padooko, thandizo lidathera m'tauni

Usipa sudikira munthu. Ukatsika m'boti m'bandakucha padooko la Nguwo ku Senga Bay, uyenera kugulidwa, kutsukidwa ndi kuyalidwa pathandala dzuwa lisanakwere, apo ayi pofika masana wayamba fungo ndipo mpamba wa munthu walowa m'madzi. N'chifukwa chake padooko sipakhala mzere. Boti likangogunda mchenga, amayi ogula nsomba amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, beseni pamutu, ndalama zili pamfundo ya chitenje, aliyense akukuwa mtengo wake. Alovi, amene achezera usiku wonse kukoka chilimira motsogozedwa ndi nyali za siginala, amaima pambali kudikira gawo lawo kuti akagule ufa wa tsiku lomwelo. Anyamata onyamula zigoba, amayi a tiyi ndi mandasi, akabaza, onsewa amadyera boti limodzi lomwelo.

Anthu amenewa ndiwo adamva pawailesi pa 14 Epulo 2020 kuti kuyambira pa 18 Epulo dziko lonse lilowa m'bindikiro wa masiku 21. Adalengeza ndi nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Jappie Mhango, patangopita masiku ochepa chipezekereni anthu atatu oyamba odwala Covid-19 ku Lilongwe pa 2 Epulo. Chilengezocho chidanena zambiri za zomwe munthu sayenera kuchita. Za chomwe mlovi adye pa tsiku lachiwiri la m'bindikiro sichidanene.

M'bindikirowo sudachitike. Mavenda adachita zionetsero m'mizinda, bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidathamangira kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. Mu Seputembala chaka chomwecho khoti lidagamula kuti malamulo a m'bindikirowo adali osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kunja kwa dziko lino ena adatiseka kuti Amalawi ndi anthu osamva. Amene amanena choncho sadafikepo ku Chikombe.

Kuchokera pagombe la Chikombe, m'dera la Senior Chief Makanjira, umaona chilumba cha Mbenje. Kuyambira zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa chaka chilichonse, mwezi wa Disembala mpaka Epulo. Asodzi onse amasamuka, maukonde amabwerera kumtunda, nsomba zimaswana mwamtendere. Nthawi yotsegulira ikakwana pamakhala mwambo, ndipo wokasodza kumeneko amadziwa malamulo asanakwere bwato: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ukonde wa maso ang'onoang'ono ayi, ndipo amayi sapondako. Lamulo lomalizali ena masiku ano amalitsutsa, ndipo mkanganowo ndi woyenera kuumva. Koma mfundo yaikulu ndi yakuti kuno kuli anthu amene akhala akudzitsekera okha malo odyera kwa miyezi ingapo, chaka ndi chaka, kwa zaka pafupifupi 70, popanda wapolisi kapena utsi wokhetsa misozi. Wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi mfumu ndi komiti yake, amalipitsidwa kapena kupirikitsidwa pachilumba. Akatswiri a zansomba amachita kubwera kudzaphunzira.

Chimene chimapangitsa kuti kutseka kwa Mbenje kutheke si mantha okha. Aliyense amadziwa tsiku lotsekera ndi lotsegulira. Nyengo yotseka ndi ya mvula, pamene anthu ali kumunda, ndiye mimba siikhala pamphepo. Ndipo phindu lake amaliona ndi maso, utaka ukamadzaza bwato mu Epulo. M'bindikiro wa boma udalibe chilichonse mwa zitatuzi: udabwera modzidzimutsa, udalibe chodyera, ndipo udalembedwa ndi anthu amene malipiro awo amalowa kubanki kaya atuluka m'nyumba kaya ayi.

Boma litaona kuti lagwa nayo kukhoti, kumapeto kwa Epulo mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika adalengeza thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja pafupifupi 172,000. Ndalamazo zidali za m'mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Salima, boma la anthu oposa 478,000 malinga ndi kalembera wa 2018, silidali pamndandanda. Maganizo ake adali akuti wakumudzi ali ndi munda, sangafe ndi njala. Koma padooko si kumudzi kwa mtundu umenewo. Alovi ambiri ndi obwera, ena ochokera ku Nkhata Bay ndi Likoma, ena ku Mangochi, alibe ndime ngakhale imodzi kuno. Amadya kuchokera m'thumba monga wa ku Mchesi kapena ku Ndirande. Mtukula Pakhomo ulipo ku Salima, inde, koma umasankha mabanja ovutikitsitsa amene alibe wogwira ntchito. Mnyamata wamphamvu zake wokoka chilimira sangalowemo, ngakhale atagona ndi njala masiku atatu. M'kaundula wa boma munthu ameneyu si wam'tauni, si wakumudzi, ndiye saoneka.

Kunena zoona, ngakhale am'tauniwo ndalamazo adazilandira mochedwa kwambiri, chaka cha 2021 chitalowa kale.

Koma ikafika nthawi ya mavoti, anthu omwewa amaoneka bwinobwino. Khoti lidathetsa zotsatira za chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndipo chisankho chatsopano chidachitika pa 23 Juni. Miyezi yonseyo, ana ali pakhomo chifukwa sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, misonkhano ya ndale idali ikuchitika m'dziko muno, mbali zonse ziwiri, anthu atapanikizana pamalole ndi pamabwalo. Mayi amene adauzidwa dzulo kuti asasonkhane pamaliro a mlongo wake, lero akuona zikwi za anthu zikuvina pamaso pa atsogoleri. Kenako wina n'kumadabwa kuti anthu a kunyanja ankati matendawa ndi bodza kapena ndi a anthu olemera. Adaphunzira kwa ndani?

Mavuto enieni adabwera mwakachetechete. Ndege zonyamula anthu zidasiya kutera pabwalo la Kamuzu kuyambira pa 1 Epulo mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo Senga Bay, yomwe imadalira alendo ndi misonkhano ya mabungwe, idangoti zii. Mahotela adatumiza antchito kunyumba. Osema ziboliboli m'mbali mwa msewu wochokera ku Kamuzu Road ankangopukuta fumbi pa katundu wawo. Anyamata oyendetsa alendo pamaboti kupita kuzilumba adabwerera ku usodzi, kukachulukitsa manja pa nsomba zochepa kale. Mabasi atalamulidwa kuchepetsa okwera, mtengo woyendera udakwera, ndipo mayi wopita ndi dengu la usipa wofutsa kumsika wa ku Lilongwe ankapeza kuti phindu lathera panjira. Kubanki mkhonde ngongole zidaunjikana, ena adathawira kwa akatapila. Nawo achibale a ku South Africa, amene ankatumiza kangachepe, ntchito zidawathera. Ambiri adabwerera pamabasi ali chimanjamanja.

Ana asukulu ndiwo adalipira mtengo waukulu. Boma lidati aziphunzira kudzera pawailesi ndi pa intaneti, nkhani yomveka bwino ku Area 47 koma yoseketsa m'khumbi la udzu lopanda magetsi. Anyamata adapita kunyanja, ndipo mwana amene walawa ndalama ya usipa savuta kuiwala njira ya kusukulu. Za atsikana, kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi yochepa ya kutsekedwa kwa sukulu atsikana oposa 40,000 m'dziko muno adatenga mimba, ndipo maukwati a ana adali pafupifupi 13,000. Aliyense wodziwa padooko akudziwa momwe zimayambira: nsomba zikachepa, mwini boti ndiye amasankha womugulitsa, ndipo mtengo wake nthawi zina sukhala wa ndalama zokha.

Ndiye ndalama za mliri zidapita kuti? Mu Novembala 2020 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, idatulutsa lipoti losonyeza kuti nthambi yolumikizanitsa ntchito yolimbana ndi Covid-19 idathera pafupifupi K80 pa K100 iliyonse ya ndalama zake pa maalawansi ndi zina zokomera ogwira ntchito. Boma lidasintha mu Juni, koma khalidwe silidasinthe. Mu Januwale 2021 matenda adabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, zipatala zidasowa mpweya wothandizira kupuma, ndipo anthu wamba adayamba kusonkha okha ndalama zogulira zipangizo. Apa ndi pomwe funso la K6.2 biliyoni, yomwe boma la a Lazarus Chakwera lidatulutsa, lidaphulika. Kafukufuku wa ofesi yolondoloza ndalama za boma adapeza maalawansi osayenera, katundu wogulidwa mosatsata malamulo ndi ndalama zosowa malisiti. Mu Epulo 2021 a Chakwera adachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, kaamba ka ndalama za mliri zomwe zidagwiritsidwa ntchito paulendo wa ku South Africa, ndipo ogwira ntchito m'boma angapo adamangidwa.

Yerekezani zimenezo ndi chidebe cha mpopi chomwe chinkaikidwa pakhomo la msika kapena pachipatala chaching'ono. Sabata yoyamba chimakhala ndi madzi ndi sopo womangirira pachingwe. Sabata yachiwiri sopo watha. Sabata yachitatu mpopi wathyoka, chidebe chasanduka mpando wa mlonda. Mlangizi wa zaumoyo, amene amayenda panjinga yakapalasa midzi ingapo payekha, ndiye ankayembekezeka kufotokozera anthu chifukwa chake ayenera kugula masiki pamene alibe ya mchere.

Pa katemera tisanamizire boma lokha. Mayiko olemera adadzikundikira katemera, ndipo Malawi adalandira woyamba, wokwana 360,000, pa 5 Malichi 2021 kudzera mu COVAX. Wina wochokera ku African Union adafika atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu, ndipo pa 19 Meyi nduna Khumbize Kandodo Chiponda idatsogolera kutentha katemera 19,610 pachipatala cha Kamuzu Central. Komabe katemera amene adalipoyo ankadikira anthu kuchipatala nthawi ya m'mawa, nthawi yomwe msodzi akugona atachezera panyanja ndipo mkazi wake akutembenuza nsomba pathandala. Mphekesera zoti katemera amatseka kubereka zidafika padooko msanga kuposa wobaya jakisoni.

Covid-19 idapha anthu oposa 2,600 m'dziko muno malinga ndi ziwerengero za boma. Koma mliri umene udavula dziko lino poyera pa nkhani ya kunyanja ndi wotsatira. Kolera idayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, idadutsa chilimwe chonse osazilala, n'kufalikira m'maboma onse. Odwala adaposa 59,000, omwalira adaposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya Malawi. Salima idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, pamodzi ndi Mangochi, Lilongwe, Blantyre ndi Balaka.

Apa panalibe chodabwitsa ngakhale pang'ono. Dothi la m'mphepete mwa nyanja ndi mchenga, madzi ali pafupi, chimbudzi chokumba chimagwa mvula yoyamba. Chimbudzi cholimba chimafuna simenti ndi njerwa, zomwe msodzi wongokhala miyezi itatu pamalo sangawonongerepo ndalama. Ndiye nyanja imodzi yomweyo ndi bafa, ndi potsukira mbale ndi nsomba, ndi chitsime, ndipo usiku ndi chimbudzi. Kolera ikagwira munthu ali pakati pa nyanja, amatha madzi m'thupi m'maola ochepa, maso kulowa m'kati, miyendo kukokana, anzake akupalasa kuti apeze gombe, kenako kabaza, kenako chipatala. Mankhwala ake ndi otchipa: Thanzi ORS, kolorini, diripi. Chimene chimapha ndi mtunda. Boma lidalengeza kuti kolera ndi ngozi ya dziko pa 5 Disembala 2022, patatha miyezi isanu ndi inayi, ndipo kampeni ya Tithetse Kolera idakhazikitsidwa mu Febuluwale 2023 kwa Mgona ku Lilongwe, matenda atafika pakhomo pa likulu.

Zaka ziwiri zathunthu anthu akuuzidwa kuti azisamba m'manja, mabiliyoni akutuluka m'dzina la ukhondo, zikadasiyako mipopi ndi zimbudzi zolimba m'madooko akuluakulu monga Nguwo, Chikombe, Lifuwu ndi Chipoka. Chomwe chakhala pakamwa pa andale kuyambira cha m'ma 2016 ndi ntchito ya Khato Civils yopopa madzi a m'nyanja ku Salima kupita nawo ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Likulu likufunikadi madzi, ndipo eni ntchitoyo akulonjeza kuti madera a m'njira adzamwa nawo. Anthu a kunyanja adzakhulupirira akadzatsegula mpopi. Pakadalipano kutsika kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023, kwakweza mtengo wa mafuta a injini, ukonde ndi simenti yomwe ya chimbudzi ija.

Zipani zonse ziwiri zazikulu zalamulapo m'nyengo ya miliri iwiriyi, choncho palibe chimene chingaloze chinzake chala. Madera a aphungu ndi makhansala a ku Salima amalandira ndalama za thumba la chitukuko chaka chilichonse. Mafumu, makomiti a m'madooko ndi amayi a pathandala awaitanitse pabwalo mvula isanagwe, awafunse dooko ndi dooko kuti mpopi uli pati, chimbudzi chili pati, ndipo ndalama yake idalowera kuti.