Kodi mlongoti wakumphuno umathandizadi boti la thanga?

Petulo akamakwera mtengo kapena kusowa, mwini boti la injini ndiye amayamba kumva kuwawa, chifukwa ulendo uliwonse wa panyanja umayambira m'thumba. N'chifukwa chake thanga, lomwe ambiri ankaliona ngati chinthu chamakedzana, ndi loyenera kuliganiziranso. Mphepo sigulidwa. Koma amene akufuna kukhoma kapena kukonzanso boti la thanga amakumana ndi funso lokhudza ndalama komanso moyo wa anthu okwera: kodi kuika mlongoti wogona kumphuno kwa boti kumalithandizadi kuyenda bwino?

Yankho ndi lakuti mlongotiwu umathandiza maboti ena, ena suwapindulira kanthu, ndipo ena umawaika pangozi. Kuti munthu adziwe gulu lomwe boti lake lili, ayenera kumvetsa ntchito yeniyeni ya mlongotiwu.

Mlongoti wakumphuno n'chiyani?

Uwu ndi mlongoti womwe suima chilili ngati unzake wa pakati pa boti. Umagona, n'kutulukira kutsogolo kupitirira mphuno ya boti, ndipo pa Chingerezi umatchedwa bowsprit. Kunsonga kwake kumamangidwa chingwe chokwera kukafika pamwamba pa mlongoti woimirira, ndipo pa chingwe chimenechi ndi pomwe pamapachikidwa thanga laling'ono lakutsogolo, la ngodya zitatu. Pamene nsonga ya mlongotiwu yatalikira kutsogolo, malo opachikapo thanga amakulanso.

Phindu loyamba lili pamenepa. Munthu akafuna thanga lalikulu ali ndi njira ziwiri: kutalikitsa mlongoti woimirira kapena kutambasulira thanga kutsogolo. Thanga lokwera m'mwamba limapendeketsa boti kwambiri mphepo ikaomba, pomwe thanga lotambasukira kutsogolo limakhala m'munsi, choncho silipendeketsa boti mofanana. Pa tsiku la kamphepo kayaziyazi, nsalu yowonjezerayi ikhoza kusiyanitsa pakati pa kufika padooko dzuwa lisanalowe ndi kugwira nkhafi mpaka usiku.

Nkhani yaikulu ili pachiwongolero

Boti la thanga limakankhidwa ndi mphamvu ziwiri zolimbana. Pamwamba mphepo imakankha thanga, pomwe pansi madzi amakaniza thupi la boti kuti lisatsetsereke cham'mbali. Ngati mphamvu ya mphepo yachulukira kumbuyo kwa malo omwe madzi akukanizira, mchira wa boti umakankhidwa ndipo mphuno imatembenukira komwe mphepo ikuchokera. Woyendetsa amangokhalira kukoka mpini wa chiwongolero mpaka mkono kuchita dzanzi, ndipo chiwongolero chokhotetsedwa chotere chimakoka madzi n'kumachepetsa liwiro.

Boti la vuto limeneli ndi lomwe mlongoti wakumphuno umalichiritsa. Thanga lakutsogolo limasunthira mphamvu ya mphepo kumphuno, boti limalunjika lokha, ndipo mpini umapepuka m'manja.

Koma mankhwala akapyola muyezo amasanduka poizoni. Thanga likachuluka kutsogolo, mphuno imayamba kuthawa mphepo m'malo moiyang'ana. Boti lomwe limatembenukira ku mphepo pang'onopang'ono lili ndi chitetezo chachibadwa: chimphepo chikaomba mwadzidzidzi, kapena woyendetsa akataya mpini, limayang'ana ku mphepo, thanga limakhuthula mphepoyo ndipo boti limaima. Boti lothawa mphepo limachita zosiyana. Limapereka nthiti zake ku mphepo ndi mafunde, thanga limadzaza kwambiri, ndipo likhoza kumwa madzi kapena kugubuduzika.

Liwiro lili ndi malire

Ambiri amaganiza kuti thanga likakula, liwiro limakulanso mopanda malire. Sizili choncho pa maboti olemera a matabwa. Boti lotere likamayenda limapanga funde lake, ndipo likafika pa liwiro lina limakhala ngati likukwera chitunda cha madzi chomwe ladzipangira lokha. Malirewa amadalira kutalika kwa gawo la boti lomwe lakhudza madzi. Boti lomwe gawo limeneli ndi mamita 6 limathera pa makilomita pafupifupi 11 pa ola, pomwe la mamita 9 limafika cha pa makilomita 13 ndi theka. Mlongoti wakumphuno uli m'malere, sukhudza madzi, choncho susintha malirewa. Umangothandiza boti kuyandikira malirewo pamene mphepo yachepa.

Maboti a mpikisano ndi nkhani ina. Boti la mtundu wa 49er, lomwe lidayamba kupikisana pa masewero a Olympics ku Sydney m'chaka cha 2000, ndi lotalika pafupifupi mamita 5 ndipo lili ndi mlongoti wakumphuno wotulutsidwa ndi kubwezedwa m'kati, wonyamula thanga lalikulu lopyapyala poyenda motsata mphepo. Limathamanga kwambiri chifukwa ndi lopepuka moti limatsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo limangonyamula anthu awiri. Boti lodzaza matumba a chimanga, usipa ndi anthu silingachite zimenezi, ngakhale litaikidwa mlongoti wotalika bwanji.

Zombo za panyanja ino

Thanga si lachilendo pa Nyanja ya Malawi. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zomwe zinkakhomedwa kumeneko zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kuvuma. Malonda oipawo adatha, koma luso la zombo lidatsala, ndipo mpaka lero zombo za thanga zimayenda pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique monga ku Cobue.

Kapangidwe ka zombozi kali ndi phunziro. Thanga lake ndi limodzi, lalikulu, lomangidwa pa ndodo yaitali yopendekeka yomwe mbali yake yam'munsi imafika kumphuno. Izi zikutanthauza kuti gawo lalikulu la nsalu lili kale kutsogolo kwa mlongoti woimirira. Kuwonjezera thanga lina patsogolo pa limeneli kukhoza kusokoneza muyezo womwe amisiri adaupeza kalekale, komanso kumavutitsa potembenuza ndodoyo pokhota.

Chinanso n'chakuti maboti ambiri a matabwa a panyanja ino adakhomedwera injini kapena nkhafi, ndipo pansi pake ndi posalowa kwambiri m'madzi. Boti lotere likafuna kuyenda modula mphepo limatsetsereka cham'mbali ngati nkhanu. Vuto lake lili pansi, osati pamwamba. Thabwa lotsitsidwira m'madzi, pakati kapena m'mbali mwa boti, komanso chiwongolero chokulirapo, zingalithandize kuposa mlongoti wakumphuno.

Mwera salabadira kukongola kwa boti

Kuyambira cha mu May mpaka August kapena September, mwera umaomba kuchokera kummwera chakuvuma, ndipo popeza nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 500, mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira kukula. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto ndi anamondwe adzidzidzi. Mphamvu ya mphepo pa thanga sikula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, likawirikiza katatu mphamvu imawirikiza kasanu ndi kanayi. Thanga lowonjezera lomwe linali dalitso m'mawa likhoza kukhala msampha masana.

Choncho thanga lakutsogolo liyenera kukhala lotsitsika msanga munthu ali m'kati mwa boti. Ngati kulitsitsa kukufuna kuti wina akwawe pa mlongoti pamwamba pa mafunde, kapangidweko n'kolakwika. Mlongotiwo umafunanso chingwe cholimba kapena tcheni chochokera kunsonga kwake kutsikira kumphuno pafupi ndi madzi, chokaniza kuti thanga lisaukokere m'mwamba. Chingwechi chikaduka mlongoti wakumphuno umathyoka, ndipo ngati mlongoti woimirira umadalira chingwe chomangidwa pamenepo, nawonso umagwa. Padooko lodzaza maboti, mlongoti wotulukira kutsogolo umabaya maboti a eni ake ndi kukola maukonde, zomwe zimabala milandu ya chipukuta misozi.

Kuyesa kaye ndalama zisanatuluke

Mwini boti akhoza kupeza yankho popanda kugula msomali ndi umodzi womwe. Pa tsiku la mphepo yapakatikati, pafupi ndi gombe, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, ayendetse boti mphepo ikuomba cham'mbali, kenako afewetse dzanja pa mpini wa chiwongolero. Mphuno ikatembenukira ku mphepo mwapang'onopang'ono, boti lili bwino ndipo silikusowa kusinthidwa. Ikathawa mphepo, mlongoti wakumphuno ungangowonjezera ngozi. Ikatembenukira ku mphepo mwamphamvu moti mpini umalemera nthawi zonse, apo ndiye mlongotiwu ungaganiziridwe.

Ngakhale pamenepo pali njira zotsika mtengo zoyenera kuyamba nazo: kusunthira katundu chakumbuyo pang'ono kuti mphuno isamire, kuweramitsira mlongoti woimirira kutsogolo pang'ono, ndi kuchepetsa thanga lalikulu mphepo ikakula. Izi zikakanika, ndi bwino kuyamba ndi mlongoti waufupi womangirira mongoyembekezera, n'kuuyesa kangapo usanakhomedwe.

Ntchito yotere ndi ya mmisiri wodziwa maboti, chifukwa mphuno iyenera kulimbitsidwa m'kati kuti inyamule mphamvu yatsopanoyo. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli sukulu ya za usodzi ndi malo okhomera maboti, ndipo alangizi a za usodzi pamodzi ndi makomiti a m'madooko angathandize kulozera eni maboti kwa amisiri oyenera. Amene amanyamula anthu akumbukire kuti maboti awo amayenera kuyenderedwa ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, choncho ndi nzeru kufunsa kumeneko asanasinthe kapangidwe ka boti. Ndipo nthambi yoona za nyengo ikachenjeza za mwera pa wailesi, boti la thanga lililonse, la mlongoti wakumphuno ngakhale lopanda, malo ake ndi pagombe.