Ulendo wa ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Alendo akapita ku mayiko a pakati pa Ulaya, monga Austria, amathamangira kukaona malinga amiyala amene mafumu akale ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo. Makolo athu nawonso ankamanga malinga, koma adali a dothi ndi mitengo, ndipo ambiri adagumuka kalekale. Linga limene lidatsala osagumuka ndilo phiri. Tsono lero tiyeni tiyendere limodzi mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tione m'mene akhala akusungira anthu pa mibadwo yosiyanasiyana.

Eni nthaka a dera limeneli ndi Achewa, alimi a chimanga, mtedza ndi fodya. M'zaka za m'ma 1800 kudafika Angoni, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Chiwere lidakhazikika m'mapiri a Dowa. Midzi yambiri ya Achewa idagonja, koma anthu ena adathawira pamwamba pa mapiri ndi m'nkhalango zowirira. Mlendo akadziwa mbiri imeneyi, zimene adzaone m'njira zidzamveka bwino.

Ulendo wathu tiuyambire ku Lilongwe, titsate msewu wa ku Salima kufikira pa Mvera. Pamenepa mpamene abusa awiri ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adakhazikitsa mishoni yoyamba ya mpingo wa Dutch Reformed m'dziko muno m'chaka cha 1889, atapatsidwa malo ndi Mfumu Chiwere. Mvera idakhala likulu la mishoniyo kufikira pamene likulu lidasamukira ku Nkhoma. Mipingo imene idabadwa m'ntchito imeneyi idalowa mu CCAP m'chaka cha 1926, ndipo ndiyo lero timaitcha Sinodi ya Nkhoma.

Tikachoka pa Mvera tibwerere pang'ono mpaka pa Chezi, tikhotere msewu wokwera kupita ku boma la Dowa. Msewuwu ndi wokhotakhota, ndipo mphepo imanka izizira pamene mukukwera. Kuchokera pa boma mulowere m'dera la Mfumu Msakambewa, kumene kuli phiri la Kongwe. M'tsinde mwa phiri limeneli mbusa Robert Blake adatsegula mishoni m'chaka cha 1894. Dzina lake lidakalipo pa sukulu ya sekondale ya Robert Blake, imene yaphunzitsa anyamata ochokera m'maboma ambiri. Amene mudaphunzira kumeneko mukukumbukira kuzizira kwa mwezi wa June ndi nkhungu yophimba phiri m'mamawa.

Tibwererenso pa boma la Dowa, titsike msewu wopita ku Lumbadzi. Tisanapite patali tipeza Dzaleka. Pa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi malo amenewa adali ndende yosungirako anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo mabanja ambiri amalitchula dzinali ndi chisoni mpaka lero. M'chaka cha 1994 Dzaleka idasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo kwawo, makamaka ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Malowo adakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma pofika 2023 chiwerengero chidali chitapitirira 50,000. M'chaka cha 2014 padayambika chikondwerero cha nyimbo ndi magule chotchedwa Tumaini, chimene chidakopa alendo ochokera kutali. Mukafika pamenepa kumbukirani kuti awa ndi makomo a anthu. Musajambule munthu musanampemphe, pakuti akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuchokera pa Dzaleka tikumane ndi msewu waukulu wa M1, tilunjike kumpoto mpaka pa Mponela, tikhotere kum'mawa kupita ku boma la Ntchisi, limene kale linkatchedwa Visanza. Kupitirira pa boma kuli phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake yotetezedwa, imodzi mwa nkhalango zochepa za mtundu wake zimene zatsala m'chigawo chapakati. Akuluakulu amasimba kuti m'menemu ndimo makolo ankabisala Angoni akamabwera. Mitengo yake ndi italiitali, yokutidwa ndi ziyangoyango, kotero kuti ngakhale masana dzuwa limalowa movutikira. M'nthambi mumalumpha anchima, ndipo m'dzinja mumamera bowa wamitundumitundu. Kukacha bwino, munthu ataima pamalo okwera amaona nyanja ya Malawi ikunyezimira kum'mawa. M'mbali mwa nkhalangoyo muli nyumba imene idamangidwa mu 1914 kuti azipumulirako bwanamkubwa wa boma pa nthawi ya atsamunda, ndipo pambuyo pake idasandutsidwa nyumba yogona alendo.

Nthawi yabwino yoyenda ndi kuyambira May kufikira October, poti misewu ina ndi yafumbi ndipo imaterera mvula ikagwa. Tengani chofunda chokwanira. Polowa m'nkhalango pezani munthu wa m'midzi yoyandikira akulondolereni njira, ndipo mumlipire moyenera.

Pomaliza, omvera athu, pali chinthu chimodzi chodetsa nkhawa. Mlendo woyenda m'misewu imeneyi amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni, ndipo mapiri ambiri amene adali obiriwira tsopano ali mbee. Mitsinje imene amayi amatungako madzi ndi kuthirira madimba imachokera m'mapiri omwewa. Mitengo ikatha, akasupe amaphwa chilimwe chisanafike pakati. Nkhalango imene idabisa makolo athu siingathe kudzibisa yokha ku nkhwangwa. Mafumu, aphunzitsi ndi makolo, tengani ana mukawaonetse Kongwe ndi Ntchisi mitengo idakalipo, ndipo mvula ikayamba, banja lililonse libzaleko mbande zake.