Tiwete Mbozi ndi Ana Athu

Mbozi ndi mwana wa gulugufe. Ena amati mbozi zimagwa ndi mvula. Ena amati zimangobadwa zokha m'chimanga. Ayi, anzathu. Mbozi iliyonse imachokera m'dzira, ndipo dziralo amaikira ndi gulugufe.

Gulugufe amaikira mazira pa tsamba. M'dzira mumatuluka mbozi. Mbozi imadya, imakula, kenaka imasanduka chikwa. M'chikwa mumatuluka gulugufe. Zimenezi tingathe kuziona ndi maso athu, pakhomo pathu, pamodzi ndi ana athu. Sizifuna ndalama.

Zofunika

Tipeze botolo lakukamwa kwakukulu kapena chitini choyera, kansalu, chingwe, kamtengo kouma ndi dothi pang'ono. Tithire dothi pansi pa botolo. Tiimike kamtengo m'katimo. Tiikemo mbozi ndi masamba a mtengo umene taipezapo, chifukwa mbozi zambiri zimadya masamba a mtundu umodzi wokha. Pakamwa pa botolo timange kansalu kuti mpweya uzilowa. Botolo likhale pamthunzi.

Ntchito ya ana ndi iyi: tsiku lililonse achotse masamba ofota ndi ndowe, aikemo masamba atsopano. Ife amene tikuphunzira kulemba tilembe tsiku ndi zimene taona.

Tisamale zinthu zitatu. Ana asagwire chiyabwe kapena mbozi ina yaubweya, chifukwa imayabwa. Tisathyole masamba m'munda wopoperedwa mankhwala. Tikamaliza, tonse tisambe m'manja.

Mbozi ya pa mandimu

Tiyambe ndi mbozi ya pa mandimu kapena malalanje. Ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, ndipo mbalame zimaipitirira. Ikakula imasanduka yobiriwira. Tikaikhudza imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kuti iopseze mdani, koma siluma.

Pakapita masabata 2 kapena 3 imasiya kudya. Imadzimangirira pa kamtengo ndi kaulusi, n'kusanduka chikwa. Ana adzati yafa. Siinafe, tisaitaye. Nyengo yotentha, pakapita masabata ngati 2, mumatuluka gulugufe wakuda wa mawanga achikasu. Mapiko ake amakhala onyowa ndi okwinyika. Tisamugwire. Mapiko akauma, timasule kansalu, mwana amuulutse.

Mbozi ya m'chimanga

Tsopano tiwete mdani wathu kuti timudziwe. Mbozi iyi inachokera ku America. Inaoneka mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo mu 2017 inali itafika ku Mozambique ndi ku Malawi. Alangizi amaitchula kuti lagarta do funil do milho. Kuno ku Milange chimanga ndicho chakudya chathu, ndichonso chimatipatsa ndalama. Mbozi ikadya chimanga, yadya nsima ya ana athu.

Tiizindikira bwanji? Pamutu pake pali chizindikiro chonga lemba Y lozondoka. Kumchira kwake kuli timadontho 4 takuda. Imabisala m'nsonga ya chimanga, momwe mumatuluka masamba atsopano, ndipo imasiya ndowe zonga utuchi.

M'botolo tiike mbozi imodzi yokha, chifukwa zikakula zimadyana. Tiipatse masamba anthete a chimanga. Nyengo yotentha imadya kwa masiku ngati 14 kuchokera tsiku limene yaswa. Kenaka imalowa m'dothi n'kusanduka chikwa chofiirira. Pakapita masiku 8 kapena 9 mumatuluka gulugufe wamng'ono wotuwa. Ameneyu amauluka usiku, n'chifukwa chake sitimuona m'munda masana.

Gulugufe uyu tisamuulutse ayi. Timuphe. Wamkazi mmodzi amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, ndipo pa moyo wake angathe kuikira mazira oposa 1,000. Mazirawo amaswa pakangopita masiku 2 kapena 3. Kuchokera pa dzira kufika pa gulugufe ndi mwezi umodzi basi. Chimanga chisanakhwime, mbozi zimakhala zabereka ana ndi adzukulu. Gulugufeyu sadziwanso malire. Wa ku Muloza angathe kuikira mazira ku Milange, wa ku Milange angathe kuikira ku Muloza.

Nthawi zina m'botolo simutuluka gulugufe. Mumatuluka kantchentche kapena kamavu kakang'ono. Tisadabwe. Mayi wa kachilombo kameneka anaikira dzira pa mbozi ija isanalowe m'botolo, ndipo mwana wake anaidya m'kati. Tizilombo timeneti ndi abwenzi a mlimi. Titiulutse. Tikapopera mankhwala mwachisawawa timapha abwenzi athu omwe.

Botolo latiphunzitsa chiyani?

Mbozi imayambira pa dzira, choncho nkhondo tiyambire pa dzira. Chimanga chikangomera tiyendere munda sabata iliyonse, m'mamawa. Tiyang'ane pamwamba ndi pansi pa masamba. Mazira amakhala pamodzi, ataphimbidwa ndi tiubweya totuwa. Tiwatswanye ndi chala. Mbozi zazing'ono tizitole ndi kuzipha zisanalowe m'nsonga. Ana amene aweta mbozi ali ndi maso akuthwa, ndipo adzatithandiza pa ntchitoyi.

Tibzale ndi mvula yoyamba, tonse nthawi imodzi. Munda wobzalidwa mochedwa umalandira agulugufe ochokera m'minda ya anzathu. Tibzalenso nandolo kapena nyemba pamodzi ndi chimanga. Mbozi zikachuluka tisathamangire kugula mankhwala kumsika. Tiyambe tafunsa alangizi.

Mlimi mmodzi sangathe kuthetsa mbozi yekha. Pa msonkhano wa koperativa tibwere ndi mabotolo athu, tiwerengerane zimene talemba, tisankhe tsiku loyendera minda pamodzi.

Mafunso okambirana

1. Kodi mbozi imachokera kuti?
2. Ndi gulugufe uti amene timamuulutsa, ndipo ndi uti amene timamupha?
3. Chifukwa chiyani m'botolo timaika mbozi imodzi yokha ya m'chimanga?
4. Kodi gulu lathu liziyendera minda tsiku liti?

Tilembe mawu awa: dzira, mbozi, chikwa, gulugufe.