Kodi mumadziwa? Dzimbiri la pansi pa galimoto limachokera kutali

Galimoto zambiri zakale zimene timagula zimachokera ku Japan ndi ku UK, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, komanso ku UK, nyengo yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Mcherewo umakakamira kunsi kwa galimoto n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono, pamwamba penti akuwala bwinobwino.

Ena kuno ku Golomoti amanamizira nyanja. Nyanja ya Malawi ilibe mchere ngati nyanja zikuluzikulu. Chimene chimakulitsa dzimbiri kuno ndi matope a dzinja, amene amakhala m'makona a chasisi masabata ambiri ali chinyowere.

Mukangogula galimoto, tsukani pansi pake, muikweze, mugogode chasisi ndi sikuludiraiva. Pakalira ngwee, chitsulo chili bwino. Ngati ndi dzimbiri la pamwamba chabe, palani ndi bulashi ya waya, pakani penti wa red oxide, kenako wakuda. Koma pakayoyoka zipapati kapena pakabooka, penti sangathandize. Pamafunika wowotcherera adule ndi kuika chitsulo china. Oyilo wakutha musapake: amawononga zamphira ndipo amakola fumbi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi timapaipi ta mabuleki. N'tating'ono, ndipo tikadyeka timaphulika pamene mwaponda mwamphamvu. Amakaniko atione kaye musanatsike msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Masasa.