Munthu Amene Anakana Kugulitsidwa

Caka ciliconse m'mwezi wa February, osewera mpira wa baseball ku America amasonkhana ku Florida ndi ku Arizona kukonzekera nyengo yatsopano. Koma nkhani imene timamva pakamwa pa anthu si ya ndodo ndi mpira ai, koma ya mapangano a nchito. Kodi uje wapita ku timu iti, ndipo womuimira wamupezera ndalama zingati? Mu December 2024, Scott Boras anapezera Juan Soto pangano la zaka 15 ndi timu ya New York Mets, la madola 765 miliyoni.

Tisaiwale kumene ufulu umenewu unacokera. Kale wosewera anali womangika ku timu yake, ndipo eni timu anali kumusinthanitsa popanda kumufunsa. Mu 1969 Curt Flood, munthu wakuda amene anatumikira St. Louis Cardinals zaka 12, anakana kutumizidwa ku Philadelphia, pakuti iye sanali katundu wamalonda. Mlandu unafika ku Khoti Lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1972 oweruza anagamula momutsutsa. Apa n'kuti nchito yake ya mpira itatha kale. Koma mu 1975 Peter Seitz, nkhalapakati wa milandu ya anchito, anamasula Andy Messersmith ndi Dave McNally. Ndipo kucokera mu 1976, wosewera amene wakwanitsa zaka 6 amadzisankhira yekha timu pangano lake likatha.

Flood anamwalira mu 1997 osalawako cuma cimeneci. Tikamva za mamiliyoni a lero, tikumbukire iye amene analima munda, ena nakolola.