Mankhwala amphamvu opha ululu ndi chiwongolero: zimene dalaivala ayenera kudziwa

Dalaivala wa minibasi ya ku Area 25 kapena wakabaza wa ku Chinsapo akalemberedwa tramadol, codeine kapena morphine kuchipatala, kawirikawiri amatuluka osafunsa ngati mawa angagwire chiwongolero. Funsoli ndi lalikulu, chifukwa mankhwala atatuwa ndi a banja limodzi ndi heroin: amabweretsa tulo ndipo amachedwetsa mwendo kufika pa buleki.

Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, limaletsa kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto munthu atasokonezeka ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Chimene limayang'ana ndi mmene munthuyo alili pamsewu, osati kumene mankhwalawo achokera. Wapolisi akakuimitsani ku Biwi maso akulemera, lilime likukokeka, buku lakuchipatala lidzasonyeza kuti mankhwalawo simunagule mobisa, koma silidzakuchotserani mlandu woyendetsa muli osokonezeka.

Kodi ndiye kuti aliyense womwa mankhwalawa aimike galimoto mpaka kalekale? Ayi. Umboni wake ndi anthu amene akusiya heroin. Ku Tanzania, chipatala cha Muhimbili mu Dar es Salaam chinayamba kupereka methadone, mankhwala a banja lomweli othandiza kusiya heroin, mu 2011. Wodwala amamwa kamodzi patsiku pamaso pa namwino, chibaba chimazizira, ndipo amatha kubwerera kuntchito. Madokotala amasiyanitsa nthawi ziwiri. Masabata oyamba, komanso mlingo ukangosinthidwa, thupi limakhala lisanazolowere ndipo munthu sayenera kuyendetsa. Mlingo ukakhazikika, osawonjezerapo china chilichonse, ambiri amayendetsa bwinobwino.

Ngozi yeniyeni ili pa kusakaniza. Botolo limodzi la Chibuku pa siteji, ndudu ya chamba, piritsi la diazepam, ngakhale Piriton wa chimfine, chilichonse mwa izi chikakumana ndi tramadol chimachulukitsa tulo, ndipo munthu sadzizindikira yekha. Apa ndikuona kuti eni minibasi ndi eni njinga nawonso ali ndi mlandu: dalaivala wodwala amene akumuumiriza kukwanitsa ndalama ya tsiku sangavomere kuti akusinza, chifukwa akudziwa kuti makiyi apatsidwa wina.

Kusiya mankhwala mwadzidzidzi pofuna kusunga ntchito sikuthandizanso. Thupi likazolowera, kusiya kotero kumabweretsa thukuta, kunjenjemera ndi kusowa tulo usiku wonse, ndipo mmawa mwake munthuyo ndi woopsa pamsewu. Amene wagwidwa ndi chizolowezi cha codeine kapena tramadol apite kuchipatala cha Bwaila kapena cha St John of God, kumene amathandiza anthu pa mavuto otere.

Inu a dalaivala, mukalowa m'chipinda cha dokotala nenani ntchito yanu asanalembe mankhwala, ndipo funsani masiku amene muyenera kupuma. Mukadzuka mutu ukulemera, perekani makiyi kwa mnzanu.