Compiler Ikakana, Tiyambire Pati?

Anzanga ambiri amataya mtima pamene ayesa kumanga pulogalamu kuchokera ku source code. Amalemba ./configure, nalembanso make, ndipo mwadzidzidzi mawu ambiri-mbiri a Chingelezi adzaza sikirini yonse. Ena amathamangira kufufuta zonse ndi kukoperanso, natha ndalama za intaneti pachabe. Anzanga, kutero sikuthandiza ai.

Compiler ali ngati womasulira. Ntchito yake ndiyo kutembenuza zolemba za munthu, monga za m'chilankhulo cha C chimene Dennis Ritchie anachikonza cha m'ma 1972, kuti zikhale malamulo amene makina amamva. GCC, imene Richard Stallman anaitulutsa mu 1987, ikapunthwa siibisa kanthu: imatchula dzina la fayilo, nambala ya mzera, ndi chimene chalakwika.

Tsono lamulo lalikulu ndi ili: werengani cholakwa choyamba, osati chotsiriza. Mzera wapansi wa make umangoti "Error 1" kapena "Error 2", ndiko kunena kuti ntchito yaima basi. Gwero lake lili kumtunda. Kachizindikiro kamodzi koiwalika, monga }, kakhoza kubala zolakwa zambiri, ndipo mukakabwezera pamalo pake zinazo zimatha zokha.

Mukaona "zlib.h: No such file or directory", pulogalamuyo ilibe mlandu. Makina anu ndiwo akusowa fayilo ya header. Pa Debian ndi Ubuntu muipeza poika zlib1g-dev. Koma mukaona "undefined reference to sqrt", dziwani kuti compiler yatsiriza kale mbali yake. Wodandaula ndi linker, amene amalumikiza zidutswa zonse. Onjezani -lm kumapeto kwa lamulo lanu. Nthawi zina vuto ndi ukalamba wa pulogalamu: GCC 14 ya mu 2024 imakana function ya C imene sinalengezedwe, pamene zakale zinkangochenjeza.

Ngati munalemba make -j4, ntchito zinai zimayenda nthawi imodzi, ndipo mauthenga amasokonezana. Bwerezani ndi make yekha kuti muone bwino. Sinthani chinthu chimodzi chokha, yesaninso, ndi kulemba m'kope chimene mwachita.

Zikakanikabe, pitani kwa aphunzitsi mutanyamula uthenga woyamba uja monga momwe uliri, osangoti "yakana." Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mawuwo ndi oona ndithu.